Chithatha cha Munthu Wolungama

Foni inalira Marwan ali chigonere chagada, monga mmene ankagonera chichokereni kuchipatala. Kugonera m'mbali anamuletsa, kuwerama anamuletsa, ndipo ngakhale kuyetsemula ankayenera kuyamba wakumbatira pilo. Pansi pa fupa lake la pachifuwa panali mipiringidzo iwiri yachitsulo, yopindika ngati uta, yomwe inkakankhira fupalo kunja kuti lileke kutsamira mtima. Mwezi unali usanakwane kuchokera tsiku limene madokotala anaiika.

Mayi ake, a Sakina, omwe anabwera ku Cairo kudzamudwazika, ndi amene anamupatsira foniyo. Woimbayo anali a Fathi, mkamwini wa bambo ake aakulu, Haji Abdessabur.

"Marwan, ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Haji Abdessabur atisiya m'bandakucha uno."

Marwan anabwereza mawu oyenerawo, monga achitira munthu aliyense woleredwa.

"Tiika ikatha swala yamadzulo. Nyamukani pompano. Ndipo tamvera: pa chithatha, mtengo wakutsogolo wa kudzanja lamanja ndi wako. Haji sanasiye mwana wamwamuna. Mwana wamwamuna wa pakhomo pano ndiwe."

"Alamu, mukudziwa komwe ndakhala mwezi uno?"

"Ndikudziwa. Anakusoka, wapola, Mulungu atamandike. Nanga ukuopa chiyani? Munthu wopita ku Maka kanayi angalemere? Iwe ungoika phewa, zinazo achita angelo."

Foni inaduka. Marwan anayang'ana kudenga, nsagwada zitauma. Kupsa mtima nakonso kunali koletsedwa, chifukwa munthu akapsa mtima amapuma mofulumira, ndipo kupuma mofulumira kunkamubaya m'nthiti zonse ziwiri. Anapsa mtima pang'onopang'ono, ngati munthu wokwera masitepe atasenza mtsuko.

Mawu amenewo anali atawamvapo kale. Amene anawalankhula koyamba ndi yemweyo amene lero anali gone m'sanda, nsalu yokulungira maliro.

Marwan anabadwa ndi chifuwa cholowa m'kati. Ali wamng'ono panali kadzenje chabe, koma atayamba kutalika dzenjelo linakula mpaka anzake osambira nawo mu ngalande anamupatsa dzina loti Bakuli. Wina anathiramo madzi tsiku lina iye ali m'tulo, n'kuitana anzake kuti adzaone ngati mphaka angamwemo. Bambo ake, a Rifaat, odziwika m'mudzi monse pophika fitiri, mkate wamafuta wopindapinda, atamva zimenezo anavula epuloni n'kunena kuti mwana wawo sadzavulira malaya kuseri kwa chitseko moyo wake wonse. Anayenda naye m'zipatala mpaka anapeza dokotala wodziwa kuwongola zifuwa. Marwan anali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene anamulowetsa mpiringidzo woyamba. Atatsitsimuka anapeza pachifuwa pake pali posalala ngati pa anthu ena onse, bambo ake akulira ngati mwana, misozi ikutsikira m'masaya onenepawo. Lamulo linali limodzi: chitsulo chikhale zaka zitatu kuti mafupa azolowere, ndipo miyezi yoyambirira asanyamule kanthu kolemera kuposa kapu ya tiyi.

Pasanapite masabata ambiri, a Rifaat anagwa pafupi ndi uvuni wawo, osadzukanso.

Haji Abdessabur, mkulu wawo, ndiye anamugwira Marwan padzanja n'kumuimika pa mtengo wakutsogolo. "Mwana amanyamula bambo ake. Usaope. Chithatha cha munthu wolungama sichilemera, chimachita kuwakoka ochinyamula, kuthamangira ku mpumulo wake. Cholemera n'cha wochimwa, chimene chimakana kupita kokayankha mlandu."

A Rifaat anali munthu wolungama. Analinso munthu amene ankalawa theka la zimene ankaphika.

Panjira ya kumanda pali kamlatho ka pangalande, kokwera kenako kotsetsereka. Potsetsereka paja thupi linasendera kutsogolo, ndipo kulemera konse kwa a Rifaat kunatera paphewa la mwana wawo. Marwan anamva china chake chikutembenuka m'chifuwa, ngati kiyi m'loko. Mawondo anagwedera. Kuti asagwetse bambo ake pansi, anayamba kuthamanga, kuthamangira kutsogolo monga achitira munthu wakugwa amene sakufuna kugwa, ndipo anzake atatu aja anathamanga naye, nanga akanatani? Kumbuyo kunamveka mawu a Haji, osasa ndi chimwemwe: "Chikuuluka! Mulungu ndi wamkulu! Chithatha cha m'bale wanga chikuuluka!"

Mudzi wonse unaona chozizwitsacho. Mnyamata wa chozizwitsacho usiku wake ankasanza ndi ululu.

Mpiringidzo unali utatembenuka, msana wake utaloza kumtima m'malo moloza kufupa. Madokotala anauchotsa mwachangu, ndipo chifuwa chinayamba kubwerera kwawo mwakachetechete, chaka ndi chaka, mpaka chinapitirira pomwe chinali poyamba. Ena anati dokotala wa ku Cairo anaika chitsulo chosalimba. Ena anati ndi diso la nsanje, popeza a Rifaat anaonetsa kwambiri chifuwa cha mwana wawo kwa aliyense wodzagula fitiri. Za chithatha palibe anatchula, pakuti chinthu chouluka chingapinde bwanji chitsulo? Tsiku lina pa chakudya cha Idi, Marwan anayesa kunena. Haji anaika supuni pansi.

"Ukuti chiyani? Ukuti bambo ako ankalemera? Nena bwino, tonse timve machimo amene ukuwadziwa iweyo."

Pansi pa tebulo, a Sakina anamutsina ntchafu mpaka panatuwa. Marwan sananenenso.

Atamaliza ku yunivesite anapeza ntchito yopeka mafunso ozunguza mutu a masewera a pafoni, aja munthu amati angoyesa kamodzi n'kupezeka basi yamupitirira. Ankaidziwa bwino ntchitoyo, ndipo ankadziwa kuti funso labwino liyenera kukhala ndi khomo limodzi lotulukira. La bambo ake aakulu linalibe. Ukati chithatha chinandivulaza, watukwana bambo ako. Ukati sichinandivulaze, ndiye kuti wavomera kuti ululu wako unagwa kumwamba. Kuntchito akanakhala kuti wina wabweretsa funso lotero, Marwan akanamubwezera. Koma ili analipeka munthu wosatha n'kuyatsa komwe foni, ndipo linamumanga zaka zoposa khumi.

Dokotala Lobna, mayi wamfupi wosakonda kuzungulira, ndiye anavomera kutsegulanso. Nthawi imeneyo Marwan ankaima kawiri kupuma pokwera masitepe a ku nyumba yake, ndipo mtima wake pachithunzi unkaoneka wokankhidwira kumanzere ngati munthu wosafunika pa benchi. Dokotalayo anayang'ana zithunzi zakale ndi zatsopano, kenako anavula magalasi.

"Chitsulo chimenechi chinaikidwa bwino. Chinatembenuka chifukwa china chake chinachitembenuza. Munanyamula chiyani, bambo Marwan?"

"Bambo anga."

A Sakina, omwe anali pampando wapakona, anakonza mpango wawo n'kunena motsitsa, "Koma chithatha chake chinali chopepuka, adokotala. Anthu onse anaona."

"Amake Marwan, ine za angelo sindinaphunzire, ndinaphunzira za mafupa," anatero Dokotala Lobna. "Ndipo mvetserani nonse awiri. Ulendo woyamba uja chifuwa chinali chofewa, m'kati muli moyera. Tsopano mafupa anakhwima, ndipo zipsera za opaleshoni yoyamba zamatirira thumba la mtima ku fupa. Ndiyenera kumatula pang'onopang'ono ndisanalowetse kanthu, apo ayi chitsulo chiboola mtima. Ndiika ziwiri, chifukwa chimodzi sichingathe. Zikatembenuka izi, musadzabwere kwa ine. Si mwano, koma sipadzakhalanso pogwira. Kachitatu kulibe."

Opaleshoniyo inatenga tsiku lathunthu. Marwan atadzuka anakoka mpweya, ndipo mpweyawo unatsika mpaka kumalo kumene anali ataiwala kuti kuliko.

Tsopano mayi ake anali akupinda kale zovala zakuda m'chikwama.

Anapita pa galimoto yahayala, Marwan ali kumbuyo, pilo pachifuwa, lamba pamwamba pa pilo. Bampu iliyonse inkamukumbutsa mayina a nthiti zake. Minda itayamba, a Sakina anatsamira kwa iye kuti woyendetsa asamve.

"Ungoika phewa pang'ono chabe, mwana wanga. Mapazi awiri atatu, kuchoka pakhomo kufika pamsewu, wina akulandira. Anthu angoona kuti wagwira."

"Amayi, munalipo pamene dokotala ankalankhula, kapena munatuma mpango wokha?"

"Usandilankhule choncho."

"Ndikulankhuleni bwanji? Kapu ya tiyi mukundilanda m'manja, mukuti ndisaweramire nsapato, usiku mukudzuka kudzaona ngati ndagonera m'mbali. Lero mukuti ndisenze Haji. Haji uja mpando unkachita kulira akamakhala!"

"Wakufa sanenedwa."

"Sindikumunena, ndikumuyeza."

Woyendetsa anatsokomola n'kukweza wailesi.

A Sakina anayang'ana pawindo. Atatembenuka, maso awo anali ouma. "Iwe mawa ubwerera ku Cairo, kukaseweretsa anthu pafoni. Ine nditsala. Nyumba imene ndimakhala khoma lake n'limodzi ndi la akazi a Haji. Madzi tikumana pampope, mkate tikumana pa uvuni. Ukakana lero, adzati mwana wa Sakina anati Haji n'ngwochimwa pamaso pa mudzi wonse, maliro ali pakhomo. Ana ake aakazi aja, alongo ako, adzandiyang'ana bwanji? Ndikadzafa ine adzandisambitsa ndani?"

"Ndiye kuti musambitsidwe bwino, ine ndiyambe ndasambitsidwa?"

Mayi ake anakweza dzanja ngati amumenya pakamwa, kenako anakumbukira, n'kulibweza. Ngakhale khofi linali loletsedwa.

"Bwenzi osabwera n'komwe," anatero motsitsa. "Ndikanati wadwalika."

"Ayi. Ndikanapanda kubwera akanati dokotala wachiwiri nayenso waika chitsulo chosalimba. Ndikufuna andione."

Anafika dzuwa litapendeka. Mumsewu wa kwa Haji munali mutadzaza amuna, ena pamipando yobwereka, ena chilili m'mbali mwa makoma, ndipo m'nyumba munkatuluka kulira kwa amayi. A Sakina analowa m'nyumbamo osacheuka. Marwan anasiya pilo m'galimoto n'kuyenda pang'onopang'ono, atawongoka ngati mzati, osati chifukwa cha matama koma chifukwa zitsulo sizinkamulola kuyenda mwina. Amuna ankabwera kuti amukumbatire, iye n'kumatambasula dzanja patali.

"Abale, uyu si Bakuli uyu?" anatero wina wa msinkhu wake, amene kale ankasambira naye. "Bakuli wasanduka thireyi!"

Ena anaseka chamumtima, n'kukumbukira kuti ali pamaliro.

Thupi linali litasambitsidwa kale. Analitulutsa pakhomo lili m'chithatha chathabwa cha kumzikiti, chokutidwa ndi nsalu yobiriwira, n'kuchikhazika pa mabenchi awiri. Marwan anachizindikira. Chinali chomwe chija, mtengo wakutsogolo uli ndi mfundo yakuda pomwe phewa limakhala. Mabenchi analira pochilandira.

A Fathi, bambo wa dazi ndi ndevu zodaya, anamupeza n'kumupsompsona masaya onse awiri. "Wafika, mwana wa pakhomo. Bwera, malo ako ndi awa. Anyamata, mpatseni mpata."

"Sindinyamula, alamu."

Ananena mosakweza mawu, koma mumsewu wa maliro mawu otsika ndi amene amamveka patali.

"Wati chiyani?"

"Ndati sindinyamula. Ndimuswalira, ndiyenda pambuyo pake mpaka kumanda, ndiima pamzere kulandira opepesa. Phewa langa ayi."

A Fathi anamwetulira anthu, kumwetulira kwa munthu amene mbuzi yake yalowa m'munda mwa eni. Anatsitsa mawu. "Usandichititse manyazi, iwe. Munthu uyu anakulera bambo ako atamwalira. Ndakuuza kale, palibe cholemera apa. Haji sankaphonya swala ya m'bandakucha ngakhale kuzizire bwanji. Chithatha ichi mwana wa zaka zisanu akhoza kuchinyamula ndi chala."

"Ndiye itanani mwana wa zaka zisanu."

"Marwan!"

"Ndithandizeni kumvetsa, alamu, ine ntchito yanga ndi ya mafunso. Ngati n'chopepuka, simukundifuna, chipita chokha. Ngati mukundifuna, ndiye kuti n'cholemera. Sankhanipo chimodzi, ine ndivomera."

Mkulu wina wa ndodo anati, "Mulungu atikhululukire." Wina kumbuyo anati, "Ndi zimene amaphunzira ku Cairo zimenezi." Marwan anamva kukoma kwa kanthawi, kuja amamva munthu akabweza funso kwa mwini wake. Koma mwini wake anali m'sanda, ndipo amoyo sankasewera.

"Ukutukwana maliro," anatero a Fathi, nkhope itafiira mpaka padazi. "Ukuti Haji n'ngolemera? Pamaso pa ana ake? Kale unatukwana bambo ako okubala, lero wabwerera mkulu wawo? Kodi m'chifuwa mwakomo anaikamo chitsulo kapena anachotsamo mtima?"

"Anaikamo ziwiri, alamu, chifukwa choyamba munachithyola inu nomwe."

"Chinathyoka chifukwa cha mwano wakowu! Bwera kuno!"

Anamugwira mkono wamanja pamwamba pa chigongono n'kukoka. Ululu unang'anima kuchokera m'nthiti kufika kumsana. Marwan sanalimbane, chifukwa kulimbana ndiko kudzipotokola, ndipo kudzipotokola ndiko kiyi uja m'loko. Anangotsatira dzanjalo, phazi limodzi, lachiwiri, thupi lonse lili chiwongokere, mtengo wa mfundo yakuda ukuyandikira. Anyamata awiri anali atawerama kale kuti akweze chithatha n'kuchitula paphewa pake. Anazindikira kuti mafunso ake onse anzeru aja sangaletse amuna atatu kumusenzetsa katundu.

"Fathi! Chotsa dzanja lako pa mwana wanga."

A Sakina anali ataima pakhomo, pamalire pomwe amayi amalekezera maliro akamatuluka. Kenako anadumpha malirewo n'kutsika mumsewu wa amuna, opanda nsapato.

"Amake Marwan, lowani m'nyumba, izi n'za amuna."

"Za amuna ndinaziona kale pa maliro a Rifaat, ndili padenga la nyumba. Ndati chotsa dzanja."

Dzanja linachoka.

"Mwamuna wanga Rifaat," anatero a Sakina, mawu akumveka mpaka kumapeto kwa msewu, "anathyola mabedi awiri m'nyumba mwanga. Pa bedi lachitatu kalipentala anachita kuika miyendo isanu ndi umodzi, ndipo kalipentalayo ndi uyo wakhala apoyo, anene ngati ndikunama. Tsiku limene anagwa pa uvuni, amuna anayi munalephera kumudzutsa. Iwe Fathi unalipo, ndipo sabata yonse unkayenda utagwira msana, mkazi wako akubwera kwa ine kudzapempha mafuta otikitira. Rifaat sanadyepo cha mwini, sanabwezepo wanjala pakhomo, sanandikwezerepo dzanja. Anali wolungama. Ndipo ankalemera ngati ng'ombe. Zonse ziwiri! Amene akuti sizingatheke abwere andifunse ine, ndinagona naye bedi limodzi zaka makumi awiri, ndikugubudukira kumbali yake usiku uliwonse."

Wina anaseka mwangozi, n'kunamizira kutsokomola.

"Koma chinauluka, mayi," anatero mkulu wa ndodo uja, modandaula ngati akumulanda chinthu. "Tonse tinaona. Pamlatho paja."

"Sichinauluke, bambo. Mwana wanga ankagwa. Ankathamanga kuti bambo ake asagwere m'fumbi. Munthu ukakhala padenga umaona bwino."

M'nyumba kulira kunali kutaleka. Pawindo panaoneka nkhope za ana aakazi a malemu, ndi ya mayi awo, youma ngati khoma. A Sakina anaiona nkhopeyo, ndipo Marwan anaona kuti aiona. Mpope, uvuni, madzi osambitsira: zonse zinali pawindo pamenepo, zikutsekedwa.

Shehe wa pamzikiti, amene nthawi yonseyi ankayang'ana dzuwa, anakonza kukhosi. "Abale, nthawi ya swala sidikira. Wodwala alibe mlandu. Amene ali ndi mapewa abwino anyamule."

Panalibe wina wa pakhomo woti n'kutenga mtengo wakutsogolo. A Fathi anayang'ana uku ndi uku, kenako anapinda mkono wa mkanjo wawo n'kulowa pansi pa mfundo yakuda ija. "M'dzina la Mulungu," anatero amuna anayi pamodzi, ndipo chithatha chitakwera, mawu ena anatuluka m'mimba mwa a Fathi amene sanali a pemphero.

Anthu anayamba kuyenda. Marwan anatsala pang'ono, pafupi ndi mayi ake. Ankadziwa kuti apa mwana wabwino amapsompsona dzanja la mayi ake. Koma kuwerama kunali koletsedwa, ndipo ngakhale kukanaloledwa, sakanatero.

"Munaona," anatero.

"Ndinaona."

"Tsiku lomwelo. Muli padenga. Ndiye pa Idi paja munanditsiniranji? Kwa dokotala kuja munanenanji kuti chinali chopepuka? Zaka zonsezi ndimayesa mumakhulupirira, ndimati mayi anga n'ngosadziwa, ndiwakhululukire. Kani mumadziwa!"

A Sakina sanagwetse maso. "Ukalipe bwino, usapume mofulumira. Pita, akusiya."

"Sindinathe nanu, Amayi."

"Ndikudziwa. Ukandipeza kunyumba. Lero palibe amene andiitane kwina."

Anatembenuka n'kulowera kukhomo la nyumba yawo, osati la akazi a Haji.

Kumzikiti anaswala swala yamadzulo, Marwan ali pampando pakati pa nkhalamba. Swala ya maliro ilibe kuwerama, choncho imeneyo anaima pamzere ngati wina aliyense, n'kumupemphera bambo ake aakulu chikhululuko ndi mano olumana. Anapempha moona. Anaganiza kuti munthuyo akuchifunadi.

Kenako anatuluka kulowera kumanda. Amuna ankasinthana pa mitengo itatu, aliyense kufuna madalitso a mapazi angapo, koma wakutsogolo kumanja palibe ankaupempha, popeza ndi wa mwini maliro. Thukuta linkatsika padazi la a Fathi n'kulowa m'ndevu, utoto wa ndevuzo n'kuyamba kutsikira m'khosi. Marwan ankayenda pambuyo, manja ali m'mbali, opanda kanthu. Anthu ankamusiyira mpata waukulu kuposa umene wodwala amafuna. Palibe anamulankhula, ngakhale uja wa thireyi.

Anafika pakamlatho. Pokwera, amuna akumbuyo anabuula. Potsetsereka, Marwan anamva phokoso limene ankalidziwa, la thupi losendera pa thabwa. Mawondo a a Fathi anagwedera. Anaponya phazi kutsogolo, kenako lina, kenako anayamba kuthamanga, anzawo atatu akuthamanga nawo, nsalu yobiriwira ikupepheruka.

Anthu ankayang'anana, ena n'kucheukira kwa Marwan. Ndiye mkulu wa ndodo uja, amene anali atasunga chozizwitsa chimodzi zaka zonsezi n'kulandidwa masana omwewo, anakweza ndodo yake kumwamba.

"Chikuuluka!"

Theka la anthu linayankha kuti Mulungu ndi wamkulu. Theka lina linathamangira kukalandira a Fathi asanagwe.

Marwan anaima pamwamba pa mlatho, pomwe kale anasiya chifuwa chake. Anaika dzanja pansi pa malaya n'kupapasa mbali zonse ziwiri, pomwe nsonga za zitsulo zimamveka pansi pa khungu. Zinali m'malo mwake. Anakoka mpweya pang'onopang'ono mpaka unafika pansi penipeni, n'kuusunga kanthawi, popeza unali wake. Kenako anatsetsereka mosathamanga.